Kuona ndi Kuoneka: Miyambi ya Achewa ndi Chikayiko cha Descartes

Mu 1641 René Descartes analemba kuti popeza maso amatinyenga nthawi zina, si nzeru kuwakhulupirira kotheratu. Ena mwa ife aphunzitsi, pomasulira mwambi wakuti "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," timauza ophunzira kuti makolo athu nawonso ankakayikira zonse zooneka ndi maso. M'nkhani ino tikutsutsa kamasuliridwe kameneka.

Tiyambe ndi mwambi womwewo. Amene anadziwa za nyererezo ndi munthu amene anang'amba nkhuyu ndi kuyang'ana m'kati mwake. Diso limene linakopeka ndi khungu la chipatso ndi lomwenso linaulula chobisika. Choncho mwambiwu ukudzudzula kuona kwaphuma, ndipo mankhwala ake ukuwapeza m'kuonetsetsa.

Malamulo a chiyankhulo akutiphunzitsa zomwezo. Mneni -oneka amapangidwa kuchokera ku -ona poonjezera -ek-. Woyenda pamsewu wa phula pakati pa Katete ndi Sinda m'dzuwa la Okutobala amati kutsogolo "kukuoneka ngati madzi." Mawu akuti "ngati" sakadakhala ndi tanthauzo mwini wakeyo akadapanda kuonapo madzi enieni, ndipo akafika pamalopo maso omwewo amamuuza kuti phula ndi louma. J. L. Austin, m'buku lake Sense and Sensibilia la mu 1962, anatsutsa okayika ndi mfundo yofanana ndi imeneyi: chonyenga timachizindikira pochiyerekeza ndi chenicheni.

Wokayika angatiloze ku Mkaika, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi m'mwezi wa Ogasiti, ndi kutifunsa ngati Gule Wamkulu sasokoneza maso. Yankho lathu ndi lakuti wovinidwa ndi mlendo amaona Kasiyamaliro mmodzimodziyo, fumbi limodzimodzilo ndi mavinidwe amodzimodziwo. Chimene amasiyana ndi tanthauzo, limene winayo analiphunzira kudambwe. Kusiyana kwa kumasulira sikutsimikizira kuti maso analakwa.

Nkhaniyi ili ndi zotsatira zake kunja kwa kalasi. Pabwalo la mfumu ku Vubwi, mboni yonena kuti "ndinaona ndi maso anga" imalemera kuposa yonena kuti "ndinangomva." Tikaphunzitsa ana kuti maso sadalirika konse, tachotsa maziko a umboni umene milandu ya m'midzi imagamulidwira. Tiwaphunzitse zimene miyambi ikunenadi, monga muja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha: masowo alipo, ndipo wodekha amawaona.