Mwana wa Nyani ndi Mwana wa Mphaka: Kuŵerenga Bhagavad Gita ku Lifuwu

Ku Lifuwu, m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, simungapezeko kachisi wa Ahindu. Amwenye amene kale ankagulitsa nsalu ndi mchere m'masitolo a kumidzi, boma lidaŵasamutsira ku mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970, ndipo amene ali Ahindu mwa iwo amapembedza m'akachisi ao ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tsono wina angafunse kuti: kodi buku la Ahindu likutikhudza bwanji ife otumikira alimi a mpunga ndi asodzi a usipa? Tiyankha kuti buku la Bhagavad Gita likufunsa funso lomwe ifenso timalimbana nalo pophunzira za chaulere cha Mulungu. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Bukuli lili ndi mitu 18 ndi mavesi 700, ndipo ndi chigawo cha ndakatulo yaitali yotchedwa Mahabharata. Arjuna, ngwazi ya banja lachifumu, waima pa bwalo la nkhondo la Kurukshetra. Poona abale ake ndi aphunzitsi ake ali mbali ya adani, ataya mtima naponya pansi uta wake. Amene amlangiza ndi Krishna, woyendetsa galeta lake, yemwe Ahindu ambiri amampembedza ngati Mulungu wooneka m'thupi. Ambiri mwa ife tikamva mau akuti yoga timaganiza za kupinda miyendo ndi kulimbitsa thupi. Koma tsinde la mauŵa likunena za kumanga m'goli, monga timangira ng'ombe pa ngolo. Krishna atchula njira ya ntchito, njira ya nzeru, ndi njira ya chikondi chodzipereka kwa Mulungu, imene dzina lake ndi bhakti. Ife tikuŵeruza njira yachitatuyi.

Tiyambe ndi zokoma zake, pakuti nzambiri. M'mutu 12 Arjuna afunsa kuti wopambana ndani pakati pa munthu wosinkhasinkha za Mulungu wopanda maonekedwe ndi munthu womkonda ngati Ambuye ake. Krishna asankha wachiŵiriyo, ndipo amtsitsira makwerero: wolephera kukhazika mtima pa Mulungu ayesere pang'onopang'ono, wolephera apo amgwirire ntchito, wolepheranso pamenepo angoleka kuumirira phindu la ntchito zake. M'mutu 9 tikumva kuti ngakhale tsamba, duŵa, chipatso kapena madzi, Mulungu amalandira ngati woperekayo akupereka mwachikondi. Ndani mwa ife sakumbukira pamenepa mai wamasiye uja wa m'Uthenga Wabwino wa Marko, amene adaponya timakobiri tiŵiri? Mlimi wa ku Lifuwu safuna womasulira kuti amve zimenezi. Iye amaokera mpunga ali m'matope tsiku lonse, akudziŵa kuti madzi angasefukire kapena mbalame zingamtsogolere kukolola.

Nayo miyambo ya bhakti si yachilendo kwenikweni m'makutu mwathu. Chaitanya wa ku Bengal, amene adabadwa mu 1486, adaphunzitsa anthu kuimba dzina la Mulungu mobwerezabwereza, ndipo otsatira ake amaŵerenga mapemphero ao pa mikanda 108. Kunyanja kuno timamva anansi athu Asilamu akutchula dzina la Mulungu pa sikiri mpaka mpweya kuŵathera, pamene amai athu ali ndi Korona m'manja. Sitikunena kuti zitatuzi nchinthu chimodzi. Tikungoona kuti mtima wokonda sutopa kutchula dzina la wokondedwa wake.

Koma chuma chenicheni cha njirayi chili pa funso la chaulere. Otsatira a Ramanuja, mphunzitsi wa kumwera kwa India amene adakhala ndi moyo cha m'ma 1100, adagaŵikana pambuyo pake paŵiri. Ena adati munthu ali ngati mwana wa nyani: mai wake ndiye amamnyamula, komabe mwanayo ayenera kugwiritsa ndi manja ake. Ena adati iyai, munthu ali ngati mwana wa mphaka: make amangomtola pakhosi, iye osachita kanthu. Onseŵa ankavomera kuti wonyamula ndi Mulungu. Ankatsutsana pa gawo la munthu. Wophunzira aliyense amene adaŵerengapo za Augustino Woyera ndi Pelagio, kapena zimene Msonkhano wa ku Trento udagamula mu 1547, adzazindikira kuti bwalo la mlanduwu akulidziŵa. Nchifukwa chake Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatikano, m'chikalata cha Nostra Aetate cha mu 1965, udatchula mwaulemu Ahindu othaŵira kwa Mulungu mwachikondi ndi mokhulupirira.

Tsopano tinene pamene bukuli likutikhumudwitsa. Sitikhalitsa pa kusiyana kodziŵika kale, kwakuti Krishna amabwera kaŵirikaŵiri kudzaononga ochimwa pamene Khristu adabwera kamodzi kudzaŵafera. Chotivuta kwambiri nchakuti chikondi cha m'bukuli chimakwera kumwamba koma chimasiya zapansi pano monga zidaliri. M'mutu 9 womwe uja, khomo la chipulumutso latsekulidwa kwa akazi, amalonda ndi antchito wamba, koma vesi lomwelo likuŵaika pamodzi ndi anthu obadwa monyozeka. M'mutu 4 ndi m'mutu 18, magulu anai a anthu akuoneka ngati dongosolo lochokera kwa Mulungu, ndipo aliyense alangizidwa kukhala pa ntchito ya gulu lake. Potsiriza Arjuna atola uta uja kukamenyana ndi abale ake. Mahatma Gandhi adamasulira nkhondoyi ngati ya mumtima, ndipo tikulemekeza kumasulira kwake. Komabe nkhani ya Mahabharata ikuŵerenga mitembo yeniyeni.

Mbiri ya Chokhamela ikuonetsa bala limeneli poyera. Iye adali wa fuko la Amahar, limene anthu ankaliyesa losayenera kulikhudza, ndipo adakhala ndi moyo cha m'ma 1300. Adapeka nyimbo zotamanda Vitthal, mulungu wa ku Pandharpur, zimene anthu akuimbabe, koma mwini wake sankaloledwa kuloŵa m'kachisimo. Chikumbutso chake chili panja, patsinde pa makwerero a pakhomo. Kachisiyo adatsekulidwa kwa anthu a fuko lake mu 1947, ndipo malamulo aakulu a dziko la India adathetsa tsankho lotere mu 1950. Padapita zaka mazana asanu ndi limodzi kuti khomo la miyala litsanzire khomo la kumwamba.

Apa mpamene kalumo ka mlendo kayamba kumeta ife tomwe. Kalata yoyamba ya Yohane ikutiuza kuti wodana ndi mbale wake amene amamuona sangakonde Mulungu amene sadamuone. Muyeso umene tayesera Bhagavad Gita utiyese ifenso. Kodi m'miphakati mwathu mulibe anthu oimba mokweza koma okhala panja? Msodzi amene wagona panyanja usiku wonse nalephera kufika ku Misa, timamlandira ndi nkhope yotani? Nanga mai wosauka amene wamwalira asadatsirize mtulo, maliro ake timaŵayendetsa bwanji? Ngati timalalika kuti Mulungu amatola munthu monga mphaka atolera mwana wake, sitingamaŵerenge kaye ziphaso tisadatsekule chitseko.

Tikulimbikitsa abale athu ansembe ndi aseminale kuti aŵerenge bukuli, makamaka mitu 9, 12 ndi 18, modekha ndi mosathamangira kutsutsa. Adzapezamo anthu ofunafuna Mulungu ndi mtima wonse, adzapezamonso malire a kufunafunako. Ndipo akadzatseka bukulo, ayambe aona kaye amene waima pa khomo la tchalitchi chao.