Luso la kudikirana pa njanji ya pa kompyuta

M'mapiri a Tehachapi, ku California, njanji imanyamuka ku Bakersfield pa mamita pafupifupi 120 kuchokera pa nyanja n'kukwera kupitirira mamita 1,200 isanatsetserekere ku Mojave. Kampani ya Southern Pacific idamaliza kuimanga mu 1876, ndipo pamalo ena idaizunguliza kaphiri mwakuti sitima yaitali imadutsitsa mutu pamwamba pa mchira wake womwe. Lero njanjiyi ndi ya Union Pacific, koma sitima za BNSF zimadutsanso momwemo, ndipo m'zigawo zina mzere ndi umodzi wokha, wa opita ndi obwera omwe. Gemu yoyendetsa sitima ya Run 8, yomwe idatuluka mu 2012, idayambira pa njanji imeneyi, ndipo opanga ake adasankha mwanzeru, pakuti pamalo opanikizika chotere palibe amene angayende osaganizira mnzake.

Munthu ukamasewera wekha, magetsi a m'mbali mwa njanji amangokuyakira obiriwira, ndipo akafiira umadziwa kuti ndi kompyuta chabe ikukuchedwetsa. Anthu khumi akalowa pa seva imodzi, getsi lofiira lija limakhala ndi mwini wake. Pali munthu wina, mwina ali dziko lina, amene waganiza kuti iwe uime kuti mnzako adutse. Ine ndimati luso lonse la masewera amenewa lagona pa chiganizo chimenecho, ndipo katswiri weniweni ndi woongolera kayendedwe ka sitima zonsezo, amene sagwira n'komwe chiwongolero cha sitima.

Taonani zimene amakumana nazo. Pa kompyuta yake palibe mapiri kapena fumbi, pali mizere yokha ndi timagetsi. Sitima yolemera ikukwera kuchokera ku Caliente, ina ya makontena ikutsika, ndipo ziyenera kupatukirana pa Woodford kapena pa Walong. Zili ngati magalimoto awiri akumana pa mlatho wopapatiza, kungoti pano aliyense wakoka matani zikwizikwi. Akaimitsa yokwerayo pa chitunda chokwera mamita awiri ndi kanthu pa mamita 100 aliwonse, kunyamukanso kumavuta: magudumu amaterereka, ndipo woyendetsa akakoka mwaphuma, kampata kamene kamakhala pakati pa mabogi kamatha mwadzidzidzi, cholumikizira n'kuthyoka, sitima n'kuduka pakati. Akaimitsa yotsikayo, woyendetsa wake adya mpweya wa mabuleki. Asanasankhe ayeneranso kudziwa ngati sitima yomwe akufuna kuipatutsa ikwana pa njanji yopatukirapo, chifukwa mchira ukatsalira pa mzere waukulu, onse awiri atsekerana. Woongolera waluso amakhala ataona msonkhano umenewu kudakali theka la ola, ndipo amauza wotsikayo pa wailesi kuti achepetse liwiro kuti zifike pamodzi, wina asaime konse. Zikatheka, oyendetsa awiriwo amangodutsana, osadziwa n'komwe kuti wina wawakonzera.

Za mpweyazi ndi zofunika kuzimvetsa, chifukwa ndi zimene zimapangitsa kuti mawu a pa wailesi akhale olemera. Pa sitima za katundu za ku America, paipi ya mabuleki imadzazidwa mpweya wa mapaundi 90, ndipo woyendetsa amamanga mabuleki potulutsako mpweyawo. Angathe kuonjezera kumanga pang'onopang'ono, koma sangamasule pang'ono. Akamasula wamasuliratu, ndipo paipi yaitali imatenga mphindi zingapo kuti idzazenso. Womanga n'kumasula kawirikawiri pa mtsetse amadzapezeka kuti alibe choimira. N'chifukwa chake woongolera amene amasintha maganizo sitima ili kale pa mtsetse sakungokhumudwitsa mnzake, akumuika m'mavuto enieni a m'gemumo. Run 8 siikongola kwenikweni m'maso, mitengo ndi nyumba zake n'zosaoneka bwino poyerekeza ndi magemu ena, koma mpweya ndi kulemera idazigwira bwino, ndipo pa ntchito yochitira limodzi zimenezi n'zimene zimawerengedwa.

Chinanso chomwe ndimaikondera n'chakuti pa seva zosamalidwa bwino dziko silifufutika usiku. Bogi imene wasiya pa fakitale lero, mawa wina aipeza pomwepo. Ukasanja mabogi mosokoneza pa bwalo lalikulu la ku Barstow, amene akatenge sitimayo adzavutika potsitsa katundu m'njira. Mwambowu sudayambire pa kompyuta. Okonda tisitima tating'ono ta m'nyumba, monga John Allen wa ku Monterey ndi njanji yake ya Gorre & Daphetid, ankaitana anzawo kudzayendetsa limodzi, aliyense ndi ntchito yake, bogi iliyonse ndi kopita kwake. Intaneti yangokulitsa chipinda.

Gemu ina, SimRail ya ku Poland, yomwe idayamba kugulitsidwa mu Januwale 2023, idatenga njira ina. Njanji yake yoyamba ndi ya pakati pa Katowice ndi Warszawa, ndipo m'malo mwa woongolera mmodzi woona dera lonse, masiteshoni amakhala ndi owongolera awoawo, wina pa zitsulo zakale zokoka ndi manja, wina pa thabwa la mabatani, wina pa kompyuta. Sitima imaperekedwa dzanja ndi dzanja: umapempha mnzako wa siteshoni yotsatira, iye akavomera ndipo umaitulutsa. Apa mfumu ndi ndandanda ya nthawi, ndipo kukoma kwake kumabwera pamene sitima ya katundu yachedwa pomwe sitima yothamanga ya Pendolino ili m'mbuyo mwake, iwe n'kumawerengera ngati ungaithamangitse kufika siteshoni ina kapena uipatutse pompano. Kwa woyamba kumene, khomo la SimRail n'lotseguka bwino. Koma ili ndi chofooka: munthu akatopa n'kutuluka, kompyuta imalanda sitima kapena siteshoni yake n'kupitiriza. Izi zimathandiza kuti seva isaime, komabe zimapeputsa udindo. Ntchito imene ungaisiye pakati popanda wina kuvutika siikugwira mtima mofanana ndi imene mnzako akuidikira.

Magulu osewera nawonso amaononga lusoli m'njira ziwiri. Ena, njanji ikadzadzana, amathamangira kufufuta sitima kapena kuidumphitsa kuti mzere utseguke. Pamenepo ataya gawo lokoma koposa, chifukwa kumasula mfundo yotere, kubweza sitima imodzi, kudula ina pawiri, kutumiza injini yothandiza kukankha, ndiko kumene anthu amakakumbukira. Ena amapita mbali inayo: mayeso, maudindo, kukalipira mlendo chifukwa sadatchule bwino nambala ya injini pa wailesi. Malamulo ofunikadi ndi ochepa, ndipo lililonse lili ndi chifukwa chooneka. Umabwereza zimene woongolera wanena kuti cholakwika chigwidwe sitima isanasunthe. Umamanga mabuleki a manja usanasiye mabogi kuti asatsetsereke. Umalemba pomwe wasiyira kuti wobwera pambuyo pako asayambe n'kufufuza. Lamulo limene mwini seva sangathe kulifotokoza chotere ndi longodzionetsera.

Inu amene mumasunga maseva amenewa, mlendo akabwera musamupatse buku la malamulo n'kumusiya. Mukwezeni m'injini ya wina wodziwa, akhale wotsika kukatembenuza mphambano ndi kulumikiza mapaipi, amve yekha mmene anzake amayankhulirana. Ndipo tsiku limene adzadule sitima pa chitunda cha Tehachapi, musaifufute. Mutumizireni thandizo, ena onse adikire.