Dzira la Mfumu ya ku Russia

Ku Russia anthu amapatsana mazira pa Pasaka. Osauka amapaka utoto dzira la nkhuku. Mafumu ankafuna lina. Mu 1885 mfumu Alexander III inaitanitsa dzira la golide kwa Carl Fabergé, mwini nyumba ya osula golide ku St Petersburg, kuti ipatse mkazi wake. Pofika 1916 banja lacifumu linali litalandira mazira otere 50.

Tiyeni tione limodzi, limene mfumu Nicholas II inapatsa mkazi wake Alexandra mu 1897, pokumbukira tsiku limene anavekedwa cisoti caufumu. Kunja kwake nkwacikasu, konyezimira ngati galasi, kokongoletsedwa ndi ziombankhanga zazing'ono ndi miyala ya daimondi. Mukalitsegula mupezamo kangolo kagolide kosakwana masentimita 10. Mawilo ake amazungulira, zitseko zake zimatseguka. Georg Stein anakapanga kwa miyezi 15. Ife amene timaluka mphasa ndi kuumba mbiya tikudziwa kuti nchito yotere imadya maso ndi msana. Luso limeneli sitilinyoza ai.

Koma dzina limene lacuka ndi la Fabergé, amene sanapange dziralo ndi manja ake. Mkulu wa amisiri anali Mikhail Perkhin, mwana wa mlimi. Iye anangosiyapo malemba awiri oyamba a dzina lake, odindidwa pagolide.

Cacikulu ndi ici: dzirali limanena za cikondwerero, koma silinena zonse. Mu Meyi 1896, patapita masiku anayi mfumu itavekedwa cisoti, khamu lalikulu linasonkhana pabwalo la Khodynka ku Moscow kudzalandira mphatso: cikho, buledi ndi soseji. Kunamveka mphekesera yakuti mphatso sizikwanira. Anthu anakankhana, anagwera m'maenje, anapondana. Anafa oposa 1,300. Usiku womwewo mfumu ndi mkazi wake anapita ku phwando lovina kwa kazembe wa France. Caka cotsatira kunabwera dzira. M'kati mwake muli ngolo ya mfumukazi, koma aja anafera cikho mulibe.

Ufumu unagwa mu 1917. Boma la Soviet linagulitsa dziralo kunja mu 1927. Mu 2004 munthu wina wolemera wa ku Russia analigula nalibweza kwao, ndipo lero liri m'nyumba yoonetsera nchito za Fabergé ku St Petersburg.