Chichewa cha Manganya Chimamveka Kuchigwa

Luso la olemba Tikuferanji lili pa kusankha mawu. Sewero la pa kanemali, lomwe linakonzedwa ndi bungwe la ADRA, linatchukitsa Michael Usi ngati Manganya kalekale asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Nkhani yake yaikulu inali Edzi, koma silinkayankhula ngati dokotala. Linkayankhula ngati anthu a pamsika ndi pamaliro: kachilombo, matenda a masiku ano, miyambi, kuzungulira kwaulemu pa nkhani za kuchipinda.

Ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula, kumene ambiri pakhomo amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, kayankhulidwe kotere kamafika msanga pamtima. Kuchigwa cha Shire kuno mwambo wa kupita kufa, woyeretsa mayi wamasiye, wakhala ukuvutitsa mafumu ndi azaumoyo chifukwa chofalitsa kachilombo. Mkamwini sangautsutse pamaso pa apongozi ake. Koma banja likaseka limodzi zochita za Manganya, nkhani zolemera chotere zimayamba kukambika.

Chimene owonera akuno akuchisowabe n'kumva "takhuta", zikomo wa Chisena, ndi kulira kwa valimba m'sewero lotere.