Kuŵerenga Osauka: Lipoti la "A Dangerous Divide" Monga Tikuliona ku Mzuzu

M'chaka cha 2015 bungwe la Oxfam lidafalitsa lipoti lotchedwa A Dangerous Divide: The State of Inequality in Malawi, limene adalemba ndi akatswiri aŵiri a zachuma a ku Chancellor College, a Richard Mussa ndi a Winford Masanjala. Nkhani yake ndi phompho limene lili pakati pa olemera ndi osauka m'dziko muno. Zaka zapitapo ndithu chitulukire lipotili, koma funso limene lidatisiyira likadali lamoyo, ndipo likhudza ife ansembe pamodzi ndi inu amene mukukonzekera unsembe: kodi ziŵerengero zingatithandize motani kuchita chilungamo? Yankho lathu ndi lakuti chiŵerengero ndi mboni yofunika kwambiri pa mlandu wa osauka, koma mboni imayankha zokhazo zimene yafunsidwa. Munthu asanayambe kuŵerenga amakhala atasankha kale chimene adzachiyese chinthu chimodzi, kaya ndi dziko, chigawo, boma, banja kapena munthu. Kusankha kumeneku masamu sangatichitire, pakuti ndi nkhani ya chikumbumtima.

I. Chimene lipotili latipatsa

Olembawo adagwiritsa ntchito kafukufuku wa m'mabanja amene ofesi ya Boma yoona za ziŵerengero ku Zomba idachita mu 2004/05 ndiponso mu 2010/11. Adapeza kuti mu 2004 anthu 10 olemera koposa mwa anthu 100 alionse ankadya ndi kugula zinthu zochuluka ka 22 kuposa anthu 10 osauka koposa, ndipo pofika mu 2011 kusiyanako kudafika ka 34. Muyeso wa Gini, umene umakhala pa 0 onse akalingana ndi pa 1 mmodzi akatenga zonse, udakwera kuchoka pa 0.39 kufika pa 0.45. Zimenezi zidachitika m'zaka zomwe chuma cha dziko chinkakula, Boma likunyadira zokolola za feteleza wotsika mtengo. Komabe umphaŵi udangotsika pang'ono, kuchoka pa anthu 52 kufika pa 51 mwa 100 alionse, pamene osaukitsitsa adachulukirako.

Ubwino wa umboni wotere tiudziŵa tikakumbukira chaka cha 1992. Pa 8 Malichi m'matchalitchi athu onse mudaŵerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, Living Our Faith, imene idanena poyera za kukula kwa phompho lomweli, za malipiro osakwanira, za mitengo yotsika ya mbeu za alimi ndi za masukulu odzaza. Boma la nthaŵi imeneyo, limene linkati anthu ake akudya, akuvala ndipo akugona m'nyumba zosadontha, lidaiyesa kalatayo youkira, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, adapirikitsidwa m'dziko mu Epulo chaka chomwecho. Maepiskopi adalankhula zimene adaona ndi maso awo ndi zimene adamva kwa akhristu. Lipoti longa ili lipatsa wolalikira umboni umene wolamula sangaukane pongonena kuti ansembe akukokomeza, popeza udachokera m'mabuku a Boma lomwe. Pa ichi olembawo tiwathokoza.

II. Mboni nayo imafunsidwa kwao

Chenjezo loyamba ndi lakuti chiŵerengero chilichonse chili ndi mwini wake. Morten Jerven, m'buku lake Poor Numbers la mu 2013, adaonetsa chitsanzo cha kwathu konkuno. Pa nyengo ya 2006/07 unduna wa zamalimidwe udalengeza kuti dziko lakolola chimanga chokwana matani pafupifupi 3.4 miliyoni, pamene kalembera wa zaulimi wa ofesi ya ku Zomba adapeza matani pafupifupi 2.1 miliyoni. Unduna umene unkagaŵa makuponi a feteleza ndi womwewo umene unkayesa ngati makuponiwo apindula. Tsono chiŵerengero chachikulucho ndi chimene chidamveka kunja, nichitamandidwa m'misonkhano ya zachitukuko.

A Mussa ndi a Masanjala adatunga pa chitsime chodalirika koposa, koma nachonso chili ndi malire. Kafukufuku wa m'mabanja amafunsa mabanja oposa 11,000 zimene adya ndi kugula. Wosauka amatsegula chitseko naŵerengetsa ufa, mchere ndi sopo. Wolemera kwenikweni ali kuseri kwa mpanda, ndipo chuma chake cha m'mabanki, cha m'minda ikuluikulu ndi cha kunja sichioneka m'zimene wadya sabata yatha. Choncho tiganiza kuti kusiyana kwa ka 34 kuja n'kochepa poyerekeza ndi phompho lenileni. Onaninso kuti kafukufuku wa 2019/20 adaonetsa muyeso wa Gini utatsika kufika pafupifupi pa 0.38, chikhalirecho theka la Amalaŵi lidali likadali losauka. Wina akadangoyang'ana muyesowo akadati matenda achira. Apa pali chofooka cha mtsutso uliwonse wotsamira kwambiri pa muyeso umodzi: muyesowo ukatsika, wolamula amautenga n'kukutsekera nawo pakamwa, ngakhale mphika wa wamasiye uli chimodzimodzi.

III. Mzinda umodzi, miyoyo iŵiri

Chenjezo lachiŵiri ndi lakuti chiŵerengero cha pakati chimabisa anthu. Mu 2010/11 osauka adali anthu 17 mwa 100 m'mizinda, ndi pafupifupi 57 mwa 100 kumidzi. Woŵerenga wa kutali adzati tsono m'mizinda zinthu zili bwino, thandizo lipite kumidzi. Pali choona m'menemo. Koma taonani Mzuzu. Mzindawu udayamba ndi munda wa mitengo ya tung'i m'zaka za m'ma 1940, udakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 221,000, pamene mu 1998 adali osakwana 90,000. Ambiri mwa obwerawo adamanga m'madambo ndi m'zitunda zotsetsereka zimene ena adazikana. Mvula ya mu Epulo 2016 itagwa kwa masiku angapo, nyumba zidagwa ndipo anthu adafa. Madera onga Masasa, Chibavi ndi Ching'ambo ndiwo adamva kuŵaŵa. Pa tebulo la ziŵerengero banja la ku Masasa ndi banja la ku Chimaliro ali pa mzere umodzi wotchedwa Mzuzu, ndipo kulemera kwa limodzi kumaphimba usiŵa wa linzake. Lipoti lolankhula za dziko lonse silingafike pa khomo lililonse, ndipo sitiliimba mlandu pa ichi. Mlandu ukhala wathu tikalitenga ngati lafikapo.

IV. Phunziro la kota

Palibe nkhani imene yaonetsa bwino mphamvu ndi ngozi ya ziŵerengero kuno kumpoto yoposa ya kota, ndiko kusankha ophunzira a ku yunivesite potsata maboma a kwao. Ndondomekoyi idayamba mu 1987, khoti lidaithetsa mu 1993, idabwereranso mu 2009 pansi pa a Bingu wa Mutharika, ndipo Boma lidaichotsa mu 2020. Monga idaliri itabwerera, boma lililonse linkalandira malo 10, ndipo malo otsala ankagaŵidwa poyang'ananso kuchuluka kwa anthu a m'mabomamo. Sinodi ya Livingstonia, imene likulu lake lili ku Mzuzu, idaitsutsa kolimba.

Tiyenera kunena mwachilungamo kuti oikira kumbuyo kota sadaname pa ziŵerengero. Chigawo cha kumpoto chili ndi anthu pafupifupi 13 mwa 100 a m'dziko muno, ndipo ana ake ankapeza malo ochuluka kuposa gawo limenelo, pamene maboma ena a pakati ndi kumwera ankatumiza ochepa. Koma akulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Kusiyanako kudachokera ku mbiri ya masukulu, monga sukulu ya Overtoun imene Robert Laws adatsegula ku Khondowe mu 1894, ndi ku kusoŵa kwa masukulu abwino m'madera ena. Kota sidamange kalasi ndi imodzi yomwe ku Nsanje kapena ku Machinga. Idangogaŵa mwa njira ina mipando yochepa yomwe ija.

Choipa koposa n'chakuti idasankha boma kukhala chinthu choŵerengedwa, ndipo boma lake lidali la kwao kwa makolo. Mwana wa bwana, wobadwira ndi kuphunzira m'masukulu olipira a ku Lilongwe, ankaloŵa pa dzina la boma losauka limene mwina sadagonemo ndi usiku umodzi womwe, nalanda malo a mwana wa mlimi wa komweko. Mwana wa mayi wogulitsa masamba ku Mchengautuŵa, atakhoza bwino, ankatsala chifukwa kwao kudali kutadzaza. M'zaka zomwezo lipoti la World Bank la mu 2010 lidaonetsa kuti mwa ophunzira 100 alionse a maphunziro apamwamba, oposa 90 ankachokera m'gawo lolemera koposa mwa magawo asanu a mabanja, pamene gawo losauka koposa silinkakwanitsa ndi mmodzi yemwe. Dziko lidakangana zaka zambiri za kumpoto ndi kumwera, phompho lalikulu lili pakati pa mwana wa wolemera ndi mwana wa wosauka m'chigawo chilichonse. Apa lipoti la Oxfam lidaona molunjika, popeza lidaŵerenga maphunziro ndi zaumoyo potsata chuma cha mabanja.

V. Kuŵerenga kwa Davide ndi kuŵerenga kwa mbusa

Aristotle, m'buku lachisanu la Ethics, adaphunzitsa kuti chilungamo chogaŵa chimapatsa aliyense molingana ndi muyeso wina, ndipo mikangano ya m'dziko imabuka chifukwa anthu sagwirizana za muyesowo. Thomas Aquinas adaonjeza kuti tchimo lotsutsana ndi chilungamo chimenechi ndi kukondera, ndiko kupatsa munthu chinthu chifukwa cha mkhalidwe wake umene sukhudzana ndi chinthucho, monga kumkweza kukhala mphunzitsi chifukwa ndi wolemera kapena ndi mbale, osati chifukwa adziŵa. Nzeru za mwana zikhudzana ndi malo a ku yunivesite. Umphaŵi umene udamtchinga ukhudzananso, ndipo n'koyenera kuuyang'ana. Koma mudzi umene atate ake adabadwira sutiuza kanthu za ziŵirizi.

Malembo Oyera sadana ndi kuŵerenga. Adana ndi kuŵerenga kwa Davide, amene adatuma Yowabu kukalemba amuna otha kugwira lupanga kuti adziŵe kukula kwa mphamvu zake. Mbusa wa pa Luka 15 nayenso amaŵerenga, ndipo akadapanda kuŵerenga sakadadziŵa kuti nkhosa imodzi yasoŵa; koma iye amaŵerenga kuti anyamuke kukaifuna. Pa Ntchito za Atumwi 6 tipeza dandaulo longa la masiku athu, lakuti akazi amasiye a chilankhulo china ankaiŵalika pogaŵa chakudya. Atumwi sadalikane dandaulolo, ndipo adasankha amuna asanu ndi aŵiri oti wamasiye aliyense afikiridwe. Papa Paul VI adanenanso chomwechi mu Populorum Progressio mu 1967, kuti chitukuko choona chimakweza munthu yense ndiponso anthu onse.

Nanga ife tichitenji? Choyamba, tisaope ziŵerengero. Njira ya kuona, kuweruza ndi kuchita, imene Papa John XXIII adaivomereza mu Mater et Magistra mu 1961, imayamba ndi kuona, ndipo wansembe amene satha kuŵerenga tebulo la kafukufuku adzanamizidwa ndi aliyense wotha kutero. N'koyenera kuti m'maseminale athu, pambali pa lojiki, muziphunzitsidwanso kaŵerengedwe ka malipoti otere. Chachiŵiri, Mpingo uli nazo kale zida zake. Centre for Social Concern ya Abambo Oyera ku Kanengo yaŵerengera kwa zaka zambiri mtengo wa zofunika pa banja mwezi ndi mwezi m'mizinda yathu, Mzuzu ali pomwepo. Miphakati yathu idziŵa nyumba imene idagwa, mwana amene wasiya sukulu ndi gogo amene akulera adzukulu yekha, zimene kafukufuku wa dziko sangazione. Chidziŵitso chimenechi chikalembedwa mosamala ndi mosunga ulemu wa eni ake, chingathe kufika ku khonsolo ya mzinda ngati umboni.

Chachitatu, chiŵerengero chilichonse chikafika m'manja mwathu, kaya chachokera ku Boma, ku mabungwe a kunja kapena ku ofesi ya dayosizi yomwe, tichifunse mafunso atatu: wachiŵerenga ndani ndipo apindula chiyani nacho, chayesa chiyani kukhala chinthu chimodzi, ndipo ndani amene wabisika m'kati mwake. Lipoti la a Mussa ndi a Masanjala likhoza bwino pa funso loyamba ndi lachiŵiri, n'chifukwa chake tilipereka kwa inu kuti muliŵerenge. Funso lachitatu lidzayankhidwa m'maparishi, ndi ansembe ndi akhristu oyenda khomo ndi khomo.