Chibweya, Mbweza-ng'ombe wa ku Madzimoyo

Gunda mpanje, mnyamata, ndimutchule! Chibweya! Mbweza-ng'ombe! Mchira-wosesa-mame! Sadikira-likhweru-lachiwiri! Iwe amene umadzuka tambala asanakhosomole, nukaima pa chipata cha khola kuwerenga ziboda ndi mphuno!

Ndiwe Mlendo-wa-kuchisanu. Makolo ako anakulira m'mapiri a kumalire a Scotland ndi England, kumene nkhosa zimadya m'nkhungu, ndipo mtundu wanu anautcha Border Collie. Gogo wa agogo ako ndi Old Hemp, wobadwa mu 1893 ku Northumberland pakhomo pa Adam Telfer, galu amene ankakusa nkhosa osauwa, ndi diso lokha. Diso lomwelo ndi ili wabwera nalo kudambo kuno: umawerama, mimba pafupi ndi nthaka, nuyang'anitsitsa nkhunzi ya linunda mpaka iyo yokha ichita manyazi nkubwerera m'gulu.

Yankha, mbalule! Yankha!

Ndiwe Mlonda-wa-chuma-cha-Angoni. Ng'ombe ukuzingazi zili ndi mbiri. Eni ake anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi mfumu yawo Zwangendaba, dzuwa litada masana. Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa mfumu Mpezeni, napha mwana wake Nsingo, nakusa ng'ombe zikwizikwi, koma makola anadzazanso, ndipo zidzukulu za ng'ombe zotsalazo ndi izi zakumvera iwe. Mishoni ya Madzimoyo inakhazikika mu 1903, koma iwe Sadziwa-Sabata, anthu ali pa nyimbo m'tchalitchi cha Reformed, uli kuseri kwa phiri kufuna thole losochera. Nkhunzi yakuda ikagwa ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala m'Febuluwale, khamu limatama mkondo. Ine nditama mapazi anayi amene amaletsa ng'ombe kulowa m'chimanga ndi nshawa za eni, mlandu usafike kwa anduna.

Mtchinga-msewu! Malole a ku Lusaka akulirima pa Great East Road kuthamangira ku Chipata ndi ku Mwami, iwe uli pakati pa phula ndi ana a ng'ombe, lilime panja, osasuntha. Mthetsa-milandu! Mpumitsa-miyendo-ya-mbusa!

Tsono tsitsa dzanja, woomba, ndinene ndi inu, atate, eni galu. Ubweya mukuusilirawu uli pawiri: wautali pamwamba, wofewa pansi. Umafuna chipeso, ndipo chipeso sichiyenda chokha. Taonani mtsikana wanu pakhonde madzulo, mutu wa galu uli pa bondo lake. Wayamba kuseri kwa makutu kumene ubweya umamangana mfundo, watsika kukhwapa, wafika kunsi kwa mchira, akuzula chisoso chimodzichimodzi. Akutsegula zala za mapazi kufuna nsanu, pakuti nsanu ikabisala imaboola khungu nkusanduka chithupsa. Wapinda khutu, wapeza nkhupakupa yokhuta, waigwira pamutu penipeni, wakoka pang'onopang'ono, waiponya pa makala.

Gunda pang'ono, amve bwino!

Mvula ikagwa, musamugoneke pa mchenga wonyowa, chifukwa ntchentche imaikira mazira pamenepo ndipo mphutsi zimalowa m'khungu mosaoneka pansi pa ubweya. Mukapeza kachotupa kokhala ndi kabowo, pakani Vaseline, dikirani, finyani. Okutobala akafika, dzuwa likuswa mtengo, musamumete mpala poti mukumuchitira chifundo, ubweya womwewo ndiwo umatchinga khungu kuti lisapse. Pesani wapansi wothothoka uchoke, mphepo ipite. Atuluke mmawa, masana agone pansi pa mango, madzi ali pambali m'chigubu chodula pakati.

Mverani ichi, atate, ndi makutu onse awiri. Jakisoni wa ivermectin amene mumabaya ng'ombe musamuyese pa Chibweya. Agalu ena a mtundu wa Collie amabadwa ndi thupi losatha kutchinga mankhwalawa kuti asafike ku ubongo: amadzandira, amatuluka dovu, ena osadzukanso. Za njoka za m'mimba ndi mphere funsani alangizi a ziweto. Katemera wa chiwewe ndiye musadumphe: woyamba ali ndi miyezi 3, kenaka chaka ndi chaka. Dziko lonse limakumbuka matendawa pa 28 Sepitembala, koma nkhandwe yodwala siyang'ana kalendala. Galu aliyense akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Nsima ya gaga yokha siithamangitsa ng'ombe. Ikanipo kapenta, thiranipo msuzi, koma mafupa a nkhuku ophika ayi, amathetheka nkulasa matumbo. Unyolo wa tsiku lonse ayi: ameneyu anabadwira ntchito, mukamumana ng'ombe adzakusa nkhuku za anansi, ndipo mudzati wapenga pamene mwamupengetsa ndinu.

Kweza tsopano! Kweza, dzanja lipse!

Nditame nawenso, mwanawe wa chipeso: Mmasula-mfundo! Mdani-wa-nkhupakupa! Odutsa pamsewu amaima nkunena kuti galu uyu ngokongola, osadziwa kuti kukongolako kwachokera m'zala zako. Nditame mbusa wogawana naye mbatata yootcha. Nditame mayi wosaiwala mbale yake pophula nsima. Nditame atate wopalasa njinga, khadi la katemera lili m'thumba.

Chibweya! Mbweza-ng'ombe! Khola-ladzaza! Fumbi lakwera kumadzulo, zonse zalowa, ngakhale kathole kotsimphina kaja, mipiringidzo yatsekedwa. Ndipo iwe fisi wa m'phirimo, ndikudziwa ukumva ng'omayi: kauze anzako kuti pa khola ili pamagona mwamuna, mukayese kwina!