Za Chindapusa cha Mbuzi ndi Moyo wa Amayi ku Ntcheu

Kale m'midzi ya Angoni a ku Ntcheu mkazi wapakati ankachira m'manja mwa azamba, ndipo mwana akachedwa kubadwa, akulu ankamkakamiza kuulula amuna amene anayenda nawo, pamene mwazi ulikutha m'thupi mwake. M'chaka cha 2007 Boma linaletsa azamba kubereketsa, ndipo Inkosi Kwataine ndi mafumu ena anaika lamulo lakuti wochirira pakhomo alipire mbuzi kapena nkhuku. Mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaika Inkosiyo patsogolo pa mafumu pa ntchito ya uchembere wabwino.

Ife sitinyoza ntchito imeneyi, pakuti zipatso zake zaoneka. M'dziko lonse la Malawi, pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira monga anawerengera mu 2004. Pofika 2016 anali 439, ndipo amayi 91 mwa 100 ankachirira kuchipatala. Koma taonani ichi: makanda omwalira mwezi usanathe anali 27 mwa 1,000 mu 2004, ndipo mu 2016 anali 27 ndithu. Amayi anamvera mafumu nabwera. Nanga anapeza chiyani?

Chimene chimapha mayi ndicho kutaya mwazi, mafinya a m'chiberekero, ndi kuthamanga kwa mwazi kodzetsa kukomoka. Chimene chimapha khanda ndicho kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, ndi matenda olowera pamchombo. Mbuzi siichiritsa ngakhale chimodzi mwa izi. Mkazi wa ku mapiri a Tsangano amene mwana wapingasa m'mimba mwake asowa galimoto lokhala ndi mafuta lomfikitsa ku chipatala chachikulu cha pa boma, napeze kumeneko sing'anga wong'amba ndi mwazi womuwonjezera. Ndiponso amene achirira panjira kawirikawiri ndiye wosauka wokhala kutali; kumlanda mbuzi ndiko kulanga umphawi wake, ndipo ena poopa mlandu amabisa zimene zinachitika kufikira nthenda itakula.

Makolo anati, walira mvula walira matope. Amene anaitana amayi ku chipatala ali nawo mangawa a kuwalandira bwino. Chifukwa chake tipempha mafumu athu kuti mphamvu imene anaopsa nayo amayi aitembenuzire kwa akulu a Boma ndi aphungu, nafunse anamwino okwanira, mankhwala, ndi nyumba zodikirira. Ndipo ife a mu Mpingo, amene timafulumira kusonkha ufa ndi nkhuni pa maliro, tisonkhenso msanga za ulendo wa mlongo wathu akali moyo.